Masana a Bambo a Glory ku Hillbrow

1

Dzina langa ndine Felesita. Kwathu ndi ku Thyolo, koma ndatha zaka ndithu ndikukolopa nyumba za eni ku Joni kuno. Amene amandidziwa angakuuzeni kuti sindine mkazi wothamangira zinthu. Sukulu ya masana inandikanika kaamba ka mimba ya mwana wathu Glory, ndiye Fomu 4 ndinamalizira ku naiti ku Limbe, ndili mayi kale. Kumeneko ndinaphunzira kuwerenga funso kawiri ndisanayankhe. Nkhani ya amuna anga ndinaiwerenga kangapo konse, koma yankho ndinalakwabe.

Amuna anga ndi a Elia, mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi umene umasonkhana m'galaja ina ku Bertrams. Ndi munthu wa jekete ngakhale kutenthe bwanji. Samwa, sasuta, ndipo akamapempherera chakudya ndiwo zimazizira. Ankalondera pa nyumba zina za mumpanda chakufupi ndi Honeydew. Tsiku lina anabwera yunifolomu ili m'jumbo.

“Kontirakiti yatha, mayi a Glory,” anatero, n'kukagona moyang'ana kukhoma.

Sindinafunse zambiri. Ku Joni ntchito imatha ngati eyataimu. Anayamba maganyu: kupenta, kukonza masoketi, kukhoma mashelefu. Koma anali ngati munthu amene wasiya mtima wake pena. Kutchalitchi ankayimba milomo yokha.

Kenaka mwadzidzidzi anachira. Anayamba kuyimba muluzu posamba. Madzulo ankabwera maso ali psu, chakudya n'kungochilawa, koma nkhope ikumwetulira yokha. Pa chala chawo chachikulu panatuluka thuza. Nditafunsa, anati ndi sikuludiraiva.

2

Lachinayi ndi tsiku limene madamu amandipatsa ofu, ndipo ndi tsiku la amayi kutchalitchi. Titamaliza mapemphero, Jessica, yemwe amatsogolera kwaya, anandikokera kuseri kwa galaja. Jessica akafuna kukupweteka amayamba n'kukukonza duku.

“Amayi a mkulu, ine zonena anthu sindikonda,” anatero akundikonza duku.

“Ndikudziwa, achemwali.”

“Kungoti ndimadutsa ku Hillbrow masana popita kuntchito. Abambo mkulu ndimawaona akulowa m'fuleti imene amakhala Shuvai. Poyamba ndinkati ndi ganyu. Koma ganyu yanji yopanda chikwama cha zida? Soketi imodzi mwezi wonse? Eish, magetsi a kwa Shuvai avuta zedi.”

Shuvai ndi mnzathu wa mumpingo, wobadwira ku Zimbabwe. Agogo ake anachokera ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu, ndiye Chichewa chake chimatsimphina pang'ono. Amaluka tsitsi pa saluni ina mumsewu womwewo. Mwamuna wake, Philemon, amayendetsa thiraki ya ku Lusaka ndipo amatha masabata ali pamsewu. Ndi mkazi wokongola, wa mawu akulu, woseka mpaka kuonetsa chibwano chonse. Akazi otere mpingo umakhala utawaweruza kale, umangodikira mlandu.

Ndinamuthokoza Jessica, ndipo sindinauze munthu. Ndinafuna kuona ndekha.

3

Lachinayi lotsatira ndinavala yunifolomu ya amayi ngati ndikupita kutchalitchi, n'kukakwera tekisi ya ku Hillbrow. Ndinaima pa shopu ina moyang'anizana ndi fuleti ija, ndikunamizira kusankha mapeyala.

Posakhalitsa ndinawaona. Jekete, Baibulo kukhwapa, akuyenda mothamanga ngati achedwa ku maliro a bwana. Lifiti ya m'nyumbamo inafa kalekale, choncho ndinawatsatira pa masitepe, ndikupuma pa kona iliyonse kuti angandimve. Atafika pakhomo pa Shuvai ndinkayembekeza kuti agogoda. Sanagogode. Anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa kiyi.

Abale, mwamuna wanga anali ndi kiyi wa nyumba ya mkazi wina. Wa kwathu amataya kawirikawiri, koma uyu anali pa kachingwe kakekake.

Ndinakhala pa sitepe mpaka miyendo inachita dzanzi. Ndikanagogoda nkhani yonseyi sikanakhalapo. Koma ndinaopa zimene ndikanaona, ndipo ndinaopanso kuti anthu a mufuleti angajambule mkazi wa yunifolomu ya mpingo akumenya chitseko. Dzuwa litapendeka anatuluka, akudziongola msana, nkhope ikuwala ngati tsiku la ukwati wathu. Anandipeza pomwepo.

“Mayi a Glory! Mukutani kuno?”

“Ndabwera kudzaona soketi,” ndinatero.

4

Lamulungu masana tinakhala pansi ndi ankhoswe m'chipinda chathu. Ku mbali ya a Elia kunabwera a Arthur, msuweni wawo wa ku Zandspruit, amenenso ndi mkulu wa mpingo. Ku mbali yanga kunali malume, ali ku Thyolo, pa foni imene tinaitsamiritsa pa chitini cha shuga. Tinkaona mphuno yawo ndi denga la udzu basi.

Ndinafotokoza zonse mwadongosolo: muluzu, maso ofiira, kiyi. A Elia anangoyang'ana nsapato zawo.

“Akamwini, yankhanitu,” anatero malume. “Mumakatani kumeneko? Fulumirani, bando ikutha.”



A Arthur anawagwira phewa. “Elia, m'bale wanga, tonsefe ndife anthu a thupi. Satana sayendera pasipoti. Ukavomera, nkhani imafupika.”

A Elia anakweza maso, n'kuyang'ana mphuno ya malume pa foni paja. Ndinaona milomo yawo ikuyesa mawu ena, n'kuwabweza. Kenaka anati, “Ndinachimwa.”

“Ndi Shuvai?” anafunsa a Arthur.

Anagwedeza mutu movomera.

Mukanamva mmene chipinda chinapepukira. Malume anatsokomola mokhutira. Nkhani yachilendo imavuta, koma iyi aliyense ankaidziwa njira yake ngati msewu wa kumsika. Malume anandiuza kuti ndipirire, pakuti amuna onse analengedwa ndi vuto limeneli, ndipo anga anachita kuchedwa nalo. A Arthur anati mpingo uwaimitsa ukulu kwa miyezi ingapo, azikhala benchi ya kumbuyo, kenaka adzabwezeretsedwa ndi pemphero. Shuvai mpingo unamuvula yunifolomu ya amayi Lamulungu lotsatira, iye kulibe. Palibe amene anaganiza zomufunsa.

Chimene chinandidabwitsa ndi zimene zinatsatira. A Elia, amene kale anyamata ankawatcha “abusa a mandimu” chifukwa cha nkhope yowawasa, anasanduka munthu wotchuka. Amuna ankawapatsa moni wa manja awiri, diso limodzi litatsinzinidwa.

“Mdala, simuoneka! Ndi jekete yomweyi? Shapu, shapu!”

Benchi ya kumbuyo inayamba kudzaza. Ine amayi ankandibweretsera masikono ndi mavesi, ndipo aliyense ankanong'ona kuti zinamuchitikirapo. Ndinalandiridwa ngati ndalowa gulu limene ndinachedwa kulembetsa.

Koma ine sindinapirire. Ndinatsitsa chikwama chachikulu chija cha mizeremizere, n'kuyamba kupindamo zovala. Ndinawauza a Elia kuti mwezi ukatha ndikwera basi ya ku Blantyre, ndikakhale ndi Glory amene ali pa sukulu kumeneko, ndipo ukwati watha. 

5

Loweruka lina m'mawa, a Elia atatuluka, chitseko chinagogodedwa ngati ndi apolisi ofuna mapepala. Anali Shuvai, chipeso chili m'tsitsi, manja ali ndi mafuta a kasitomala amene anamusiya mutu theka.

“Mai Glory, valani nsapato.”

“Ulibe manyazi, iwe? Pakhomo panga?”

“Manyazi ndawasiya ku saluni, kumene akazi a mpingo wanu asiya kubwera. Dzulo wina wamuimbira Philemon. Ali pa Beitbridge, afika mawa, ndipo wandiuza kuti ndisankhe ndekha zenera lotulukira katundu wanga. Ine ndamva dzulo lomwelo kuti ndili ndi chibwenzi. Ine! Ndi a Elia! Mai Glory, munawayang'anitsitsa amuna anu?”

“Anavomera okha.”

“Ndiye tiyeni akavomerenso ine ndilipo. Ali kwanga panopa.”

 “Panopa? Atawaimitsa kale?”

“Sanajombepo. Ine ndimachoka m'mawa, ndimabwera madzulo, sindikumana nawo n'komwe. Ndimangopeza mpando uli wofunda ndi magetsi atatha. Valani nsapato, ndati.”

Tinakwera tekisi ya ku Hillbrow. Pa masitepe ankatsogola, akutukwana m'Chishona, ine ndikupemphera m'Chichewa.

6

Shuvai anatsegula chitseko mwakachetechete.

Makatani anali otseka. A Elia anakhala pa kampando ka pulasitiki, jekete atalipachika bwinobwino kumbuyo kwake, Baibulo pa tebulo. Anali okha. M'manja anagwira kachipangizo ka mabatani, maso ali pa TV, lilime lili panja pang'ono ngati mwana amene akuphunzira kulemba. Sanatimve.

Pa TV panali mzinda. Sunali Joni, koma unali wachibale wake: nyumba zitalizitali, magalimoto, masaireni, anthu oyenda mothamanga. Pakati pa msewu pankayenda chimwamuna cha vesiti, mapewa ngati firiji, chitanyamula chibonga chosalala, chonga chimene anthu a ku Amereka amamenyera mpira. A Elia akasuntha chala, icho chinkasuntha.

“Ndi gemu,” ananong'ona Shuvai. “Mashiniwa Philemon anapatsidwa ndi mwana wa bwana wake. Amuna anu anabwera kudzakonza soketi, n'kuti ayese ngati ikugwira. Mpaka lero akuyesabe. Anandichonderera kiyi, ine n'kuwamvera chisoni.”

“Ndiye amatani mmenemo?”

“Anthu abwinobwino amaba galimoto, amatola mfuti, amathawa apolisi. Gemu yake ndi imeneyo. Koma taonani awa.”

Ndinaona. Magalimoto anali mbwee, ena zitseko zili pululu, koma chimwamuna cha a Elia chinkayenda wapansi, m'mbali mwa msewu. Chitafika pa maloboti chinaima, kudikira kuti ayake obiriwira. Chinadutsa mfuti ili pansi, n'kuilambalala ngati ndowe. Chinayenda ulendo wautali mpaka pa kona ina pamene panaima anyamata a zipewa, mfuti zili m'chiuno. Apo a Elia anakhala tsonga. Chimwamuna chija chinakweza chibonga m'mwamba, n'kuthamangira anyamata aja.

Phu! Phu! Phu!

Chinagwa chafufumimba chisanakhudze munthu. TV inachita mdima pang'ono, kenaka chinatulukira pakhomo pa chipatala, chili bwinobwino. A Elia anapuma mozama, n'kuyambanso ulendo, wapansi, kukafuna chibonga china.

“Bambo a Glory,” ndinaitana.

Kachipangizo kanagwa pansi. Sindinaonepo munthu akuchita mantha chotero. Ndikhulupirira akanakonda ndikanawapeza ndi mkazi.

“Chibwenzi chanu ndi chimenechi?”

“Mayi a Glory, ndikufotokozerani.”

“Fotokozani. Bando sikutha lero.”

Anayamba kufotokoza, maso ali pa TV. Kontirakiti sinathe. Matsotsi anabwera pa geti ndi mfuti, ndipo iwo kampani inawapatsa chibonga basi. Anawagoneka pansi chafufumimba, n'kuwalanda chibongacho. Sanawavulaze. Mmodzi anangowamenya nacho m'matako pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi, akuti, “Lala kahle, madala,” ndiye kuti gonani bwino, mdala, anzake akuseka. Kamera ya pa geti inajambula zonse. Eni nyumba anatumizirana kanemayo pa mafoni, ndipo pomwe ankawachotsa ntchito, bwana ankalephera kubisa kuseka.

“Zaka zonse zija ndinanyamula chibonga, sindinachikwezepo ngakhale kamodzi,” anatero. “Mmenemu ndimachikweza.”

“Koma amakuphani.”

“Amandipha. Koma ndimafa nditaimirira. Ndipo ndikadzuka palibe amene akuseka.”

“Bwanji osatenga mfuti, baba?” anafunsa Shuvai. “Zili mbwee!”

Anamuyang'ana ngati wanena zotukwana. “Ine ndine mkulu wa mpingo.”

Mtima wanga unasweka, sindinama. Koma funso lina linali lisanayankhidwe.

“Nanga chigololo munavomereranji?”

“Mukanafuna ndinene chiyani pamaso pa malume anu? Kuti munthu wa imvi, wa mwana wa ku sekondale, ndimakwera masitepe onsewa kudzasewera gemu? Kuti anandikwapula m'matako? Chigololo anthu amachimvetsa, mayi a Glory. Chili ndi malamulo ake.” Anandigwira dzanja. “Tsopano mwadziwa kuti sindinakulakwireni. Tisiye momwemo. Miyezi itha, andibwezera ukulu, inu mudzatchedwa mayi wopirira. Aliyense apindula.”

“Aliyense?” anakuwa Shuvai. “Wena! Nanga ine ndine mpando?”

A Elia anamuyang'ana modabwa. Ndinaona kuti m'masabata onsewa sanaganizepo za iye. Sikuti ndi munthu wankhanza. Kungoti manyazi awo anadzaza chipinda chonse, moti munthu wina analibe poima.

“Mukanena, mwandipha,” anandiuza.

Ndinaganiza mofatsa, monga mwa chizolowezi changa. Ndikanakhala chete, ndikanasunga mwamuna ndi ulemu wake, koma pamwamba pa ukwati wa mkazi wosalakwa. Ndikananena, mwina akanandida moyo wonse.

“Shuvai,” ndinatero, “TV imeneyi imalemera bwanji?”

7

Lamulungu tinafika kugalaja ndi TV ndi mashini zili m'ngolo ya kusitolo imene tinabwereka kwa mnyamata wotola zitini. Philemon anali atafika kale, atatsamira khoma, manja atapinda, nkhope ngati mvula ya matalala. Mapemphero atatha ndinapempha akulu a mpingo kuti atsale. Mpingo wonse unatsala.

Ndinafotokoza zonse kupatula za pa geti. Zimenezo n'za a Elia, ndipo ndazilemba pano atandilola okha. Kenaka ndinawapatsa kachipangizo kaja.

“Aonetseni.”

Chala chawo chinkadziwa ntchito yake. Chimwamuna cha vesiti chinayamba kuyenda pamaso pa mpingo wa Mulungu. Chitaima pa maloboti, Philemon anayamba kugwedezeka mapewa. Chitagwa pa kona paja, anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi.

“Ndiye ndi amene amandiwonongera gemu! Ndimadabwa, ndikabwera ndimapeza munthu wanga ali pa chipatala, alibe kalikonse koma ndodo!”

Akulu a mpingo sanaseke. Anasonkhanitsa mitu.

“Ndiye kuti mkazi palibe?” anafunsa a Arthur, mawu ali ofooka ngati munthu amene timu yake yagonja.

“Palibe.”

“Ngakhale pang'ono?”

Abusa anavula magalasi. “Funso ndi lakuti, anthu akumenyedwawo, kodi ali ndi mzimu? Pakuti ngati ali nawo, apa pali kupha.”

“Wapha angati?” anafunsa mkulu wina.

“Ngakhale mmodzi,” anayankha Shuvai. “Amene amafa ndi iwowo.”

“Ndiye ndi kudzipha,” anatero mkulu uja. “N'koipa kuposa.”

Anakangana mpaka ana anayamba kulira njala. Wina anati ndi juga, koma panalibe chobetcha. Wina anati ndi ufiti, pakuti munthu akufa n'kudzuka popanda chilolezo. Anatsegula buku la malamulo a mpingo: chigololo chinalimo, mowa unalimo, mitala inalimo, koma chibonga cha pa TV munalibe. Pomaliza anagamula kuti chilango cha chigololo chafafanizidwa, koma a Elia akhalabe pa benchi ya kumbuyo kufikira likulu la mpingo kumudzi litapereka chitsogozo. Chilango choyamba chinali ndi tsiku lothera. Ichi chilibe.

Anayamba kutseka ndi pemphero. Ndinaimirira.

“Pepani abusa, mwaiwala munthu.”

Onse anayang'anana, osadziwa kuti ndikunena yani. Ndinayenda mpaka pamene panali Shuvai, n'kugwada pa simenti, ndipo ndinamupepesa mokweza. Kenaka ndinayang'ana a Elia mpaka nawonso anabwera kudzagwada. Jessica anali kalikiliki kukonza duku lake lomwe.

Madzulo ndinawaimbira malume.

“Gemu?” anatero. “Ya ana ija? Felesita, ine ndimayesa unakwatiwa ndi mwamuna.” Foni inaduka, ndipo sindikhulupirira kuti inali netiweki.

8

Owerenga anzanga, ndakuuzani nkhaniyi chifukwa mpaka lero ikundizunguza mutu. Mwamuna wanga atanamizira tchimo lophwanya banja, anapatsidwa moni wa manja awiri, ine n'kupatsidwa masikono. Zitadziwika kuti sanagone ndi munthu, kuti ankangodzichiritsa bala mwa njira yopusa, benchi ya kumbuyo inatsala ndi iwo okha. Masiku ano ku Bertrams amawatcha a Chibonga, ndipo ana akawaona amagwa pansi dala, n'kudzuka. Sindikunena kuti anachita bwino. Anatsala pang'ono kumuphera ukwati Shuvai kuti apulumutse nkhope yawo. Koma ndimafunsa: tawaphunzitsa chiyani amuna athu, kuti kuvomera chigololo kukhale kopepuka kuposa kunena kuti ndinachita mantha, ndinanyozeka, ndikumva kuwawa? Inu amene muli ndi mwamuna amene wagona moyang'ana kukhoma, musachite ulemu wanga uja wosafunsa. Mutembenuzeni.

A Elia anakhala nthawi osandilankhula. Tinkadya ngati anthu ongokumana m'basi. Chikwama chija sindinachimasule msanga, chifukwa sindinkadziwa ngati ndasunga ukwati kapena ndauthetsa ndi dzanja langa.

Mashini aja Shuvai anakana kuti abwererenso kwake, ndipo Philemon anati titenge, iye atopa ndi kudzuka pa chipatala. Anakhala pansi pa bedi, osakhudzidwa. Kenaka Lachinayi lina, ndikuchokera ku mapemphero, ndinapeza awalumikiza ku ka TV kathu. Pambali pa mpando wawo anaikapo mpando wina.

“Khalani apa, mayi a Glory,” anatero osandiyang'ana. “Muzindiuza akamabwera kumbuyo.”

Ndinavula nsapato, n'kukhala. Mpaka pano sanagwetsepo munthu ngakhale mmodzi, ndipo mfuti akuikanabe. Amafa tsiku ndi tsiku. Koma masiku ano amafera pakhomo, ine ndikuona.